Perefyumu wa Tonse M'dzuwa la Okutobala

Okutobala wafika, ndipo dzuwa likuswa mtengo. Ino ndi nyengo yomwe nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, agalu n'kumakanirira pansi pa nkhokwe ngati alipira lendi. Umasamba m'mawa bwinobwino, koma pofika pasiteji malaya amakhala atakakamira kale kumsana, thukuta lili kamukamu.

Nditatopa nawo moyo woterewu, ndidalembera mlamu wanga wa ku Johannesburg kuti anditumizire kaperefyumu koyenera nyengo yotentha. Patatha masabata awiri ndidalandira kabotolo ka chikalata chobiriwira ndi chagolide, kolembedwa manambala anayi: 4711. Uthenga wa mlamu udali wachidule: "Alamu, ameneyu ngwachikale, koma pa kutentha palibe womposa. Komanso ngwa tonse, mwamuna athira, mkazi athira." Ndidavina ndi chimwemwe. Ndidaiwala kuti walira mvula walira matope.

Wa tonse ndiye wa ndani?

Tsiku loyamba botolo ndidaliika kumbali yanga ya bedi. Pobwera kuntchito ndidalipeza lasamukira patebulo la mayi a kunyumba, pakati pa mafuta odzola ndi chipeso, litakhazikika ngati lidabadwira pomwepo.

"Mayi, botolo lija layenda bwanji?"

"Si mwati ngwa tonse, bambo? Komanso atumiza ndi achimwene anga. Inu mwangolowa nawo ngati mkamwini."

Kathiridwe kake ndiye kosiyana. Iwo amayambira pakhosi, kuseli kwa makutu, m'manja, pachitenje, paduku, n'kumalizira m'chikwama kuti ndalama nazo zinunkhire. Ine ndikangoti psii, psii, liwu limachokera kukhitchini, kudutsa zitseko ziwiri: "Kachitatu ndisakamve!" Munthu yemwe samva foni ikamalira m'chikwama chake chomwe, psii wanga amamumva ali pakati pokazinga anyezi.

Mapeto ake ndidatenga cholembera n'kujambula mzere pabotolo, monga timachitira ndi shuga kukabwera alendo ogonera. M'mawa mwake ndidapeza mzere uja watsika wokha, kutsatira perefyumu.

Amalume ndi Area 47

Amalume atabwera kuchokera kumudzi adalinyamula botolo, kulizondotsa, kulitembenuza, n'kuseka chamumtima.

"Zopangidwa konkuno izi, mphwanga. Area 47, nyumba nambala 11. Wakupusitsa mlamu wakoyo."

Ndidawauza kuti pa za nyumba sadaphonye kwenikweni, kungoti nyumbayo ili kutali ndi Lilongwe. Ili mumzinda wa Cologne ku Germany, mumsewu wotchedwa Glockengasse. Perefyumu wamtunduwu adamuyambitsa mu 1709 ndi Johann Maria Farina, Mtaliyana yemwe adakhazikika mumzindawo, n'chifukwa chake mpaka lero amatchedwa eau de Cologne, kutanthauza madzi a ku Cologne. Asilikali a ku France atalowa mumzindawo mu 1794, nyumba zonse zidapatsidwa manambala, ndipo 4711 idagwera nyumba yomwe idatchuka ndi banja la Mülhens, lomwe nalo linkapanga madzi onunkhirawa. Nambala ya pakhomo idasanduka dzina.

Amalume adapukusa mutu. "Mwayi wawo kuti kwawoko nyumba zili ndi manambala. Akadapangira kwathu kuno, bwenzi pabotolopo atalemba kuti: Mukadutsa pachigayo mukhotere kumanzere, pamtengo wa mango mufunse ana."

Pakhosi, kunja kapena mkati?

Kulakwa kwanga kudali kupitiriza nkhani. Ndidawauza kuti kalelo madzi amenewa ankagulitsidwa ngati mankhwala, anthu n'kumamwa. Zidasintha mu 1810, pomwe Napoleon adalamula kuti aliyense wogulitsa mankhwala akumwa aulule zomwe amasakaniza. Eni ake, posafuna kutaya chinsinsi, adangoti basi, kuyambira lero izi ndi zodzola. Napoleon mwini wakeyo ankadzithira madzi a ku Cologne ngati akuthirira dimba.

"Wati ankamwa?" adafunsa amalume akusendeza mpando. "M'menemu muli chiyani?"

"Gawo lalikulu ndi mowa woyengedwa, amalume. Mafuta a fungo ndi pang'ono chabe."

Kudati zii. Adayang'ana botolo, n'kuyang'ana ine, maso atadzaza chisoni ngati ali pasiwa.

"Ndiye iwe, ndi sukulu yako yonseyo, pakhosi penipeni wafikapo, koma ukuthira kunja?"

Ndidawachenjeza kuti wamasiku ano si wakumwa, akhoza kuwagoneka m'chipatala. Adavomera ndi mutu. Komabe usiku umenewo botolo lidagona pansi pa pilo wanga, dzanja lili pamwamba.

Agogo ndi manachesi

Loweruka ndidadzithira kawiri n'kupita kukazonda agogo. Ndisadakhale n'komwe pamphasa, iwo adakweza mphuno.

"Wadzera ku Mwanza? Manachesi anga ali kuti?"

Mphuno yawo sidaname. Perefyumu wachikaleyu ndi munda wa zipatso m'botolo: mandimu, malalanje, ndi kachipatso kowawasa kotchedwa bergamot komwe kamalimidwa kwambiri ku Calabria, kumwera kwa Italy. Amaonjezamo mafuta a maluwa a lalanje lowawa, omwe amati neroli, ndi zitsamba za lavender ndi rosemary. N'chifukwa chake amagwirizana ndi dzuwa. Fungo lake ndi lopepuka, silitsamwitsa, limangokhala ngati wina wasenda lalanje pamthunzi pafupi nawe.

"Ndiye makoko amene ine ndimataya kudzala, azungu atola, aika m'botolo, iwe n'kumavina?"

Kenako adandigwira mkono n'kununkhiza nthawi yaitali, maso ali patali.

"Fungo ili ndikulidziwa. Agogo ako aamuna pobwera ku Theba ankanunkhira chonchi, atavala chipewa ndi jekete pakati pa chilimwe. Mudzi wonse unkadziwa kuti afika iwo asadatulukire pamphambano."

Mtima wanga udasungunuka. "Ndiye mwawakumbuka, agogo?"

"Ndawakumbuka. Nawonso ankati ngwa tonse. Tidadzamva mochedwa kuti ku Joniko kudali wina yemwe ankathira nawo."

Zachikale zili m'fasho

Mwana wa achemwali anga, yemwe ali kukoleji ku Zomba, atangoliona botolo adakuwa ngati watola ndalama.

"Amalume, izi ndiye zili m'fasho! Zachikale zabwereranso!"

Adalijambula kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, n'kuponya pa Facebook. Mtsikana yemweyu chaka chatha adaseka mpaka misozi ataona buluku langa lotambalala kumiyendo, n'kundifunsa ngati ndidalandira pa chuma chamasiye. Lero akufunsa ngati likadalipo kuti akalichepetse kwa telala. Ndidazindikira kuti chinthu chachikale chikakhala pa ine ndi ukalamba, chikakhala pa iye ndi fasho.

Adadzithira mosaumira n'kupita kukakumana ndi mnyamata wake. Adabwerako msanga, nkhope ili ndwii.

"Kwagwanji?"

"Nditangofika pafupi, waimirira njoo, manja kumbuyo, n'kutaya chingamu. Akuti ndikununkhira ngati ahedi ake a kupulayimale."

Minibasi ya ku Nsanje

Yemwe sadatsikepo phiri lochokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa mu Okutobala sadziwa kutentha. Kuchigwa cha Shire kumapyola madigiri 40, ndipo mphepo yolowa pawindo imakhala ngati wina watsekula uvuni. Tsiku lina tili m'minibasi ya ku Nsanje, titapanikizana ngati matumba a chimanga, pa Thabwa padakwera mnyamata wotchena: suti yakuda, nsapato zosongoka, ndi perefyumu wolemera, wotsekemera, uja woyenera usiku wozizira wa mu Juni. Chitseko chitangotsekedwa, fungo lidati guu!

Mwana adayamba kuyetsemula. Nkhuku yomwe idali pansi pa mpando idasiya kulira. Mayi wina yemwe adanyamula dengu la usipa adakuwa: "Tsekulani mawindo onse, inu! Usipa wanga ukayamba kununkha perefyumu agula ndani?"

Taganizani, wa usipa kudandaula za fungo la mnzake.

Mnyamatayo adadabwa zenizeni. "Koma ine sindikumva kalikonse."

Sankanama. Mphuno ikazolowera fungo imasiya kuuza mwini wake, ndiye munthu amaonjezera, n'kuonjezeranso, poganiza kuti latha. Kutentha nako kumauulutsa msanga perefyumu pakhungu, moti zomwe ukadanunkhira tsiku lonse anzako amazimeza mu ola limodzi.

Kondakitala adatambasula dzanja. "Akulu, mulipira mipando iwiri. Wina wanu, wina wa fungo lanu."

Fungo lilibe ndevu

Odziwa mbiri ya zinthuzi amati perefyumu wa tonse adatchuka dziko lonse mu 1994, kampani ya Calvin Klein ya ku America itatulutsa CK One, m'botolo looneka ngati lachita nkhungu. M'menemo muli kafungo ka bergamot, chinanazi, papaya ndi tiyi wobiriwira. Mlimi wa ku Mulanje akamva mndandandawu angoti, "Kupatula choyambacho, zonsezo zili kuseli kwa nyumba yanga."

Koma ine ndimati adayambitsa perefyumu wa tonse ndi mavenda athu. Tsiku lina ndidaima pafupi ndi mnyamata wogulitsa timabotolo mu Limbe. Kudafika bambo wina.

"Uyu ngwa amuna kapena akazi?"

"Mukugulira ndani, bwana?"

"Akazi anga."

"Mwalasa! Ngwa akazi weniweni. Mayi akangolandira, lero ndiwo ikhala nkhuku."

Bamboyo atangochoka kudafika mtsikana, n'kuloza botolo lofanana ndendende.

"Ndikufuna wa chibwenzi changa."

"Asisi, mwalasa! Ngwa amuna enieni. Mabwana onse a m'maofesi amathira ameneyu."

Ndidamunong'oneza: "Iwe, botolo si lomwe lija?"

"Madala, botolo silidziwa kuti wagula ndani. Fungo lilibe ndevu, lilibe ndolo."

Ndidafuna kumutsutsa, koma mnyamatayo adanena zoona. Madzi a ku Cologne ankathira amuna ndi akazi omwe kuyambira kalekale. Zoti ili ndi la abambo, ili ndi la amayi, zambiri ndi nzeru za otsatsa malonda, kuti m'nyumba imodzi mugule mabotolo awiri.

Mphatso ya apongozi

Mnzanga wa kuntchito adagulira apongozi ake aakazi perefyumu wodula pa Tsiku la Anakubala, lomwe limagwa pa 15 Okutobala, kutentha kuli pachimake. Mayiwo adavala mandala n'kuwerenga pang'onopang'ono: eau de toilette. Mawu awiri oyambawo adawalumpha, koma lomalizalo adalimva bwino. Adalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza mwaulemu.

Sabata yotsatira mnzangayo atapitako adapeza botolo lili pawindo la kuchimbudzi, pafupi ndi tsache, litatsala theka.

"Ndi mankhwala abwino, bambo," adatero apongozi. "Ntchentche sizidathe, koma alendo akumachedwa kutuluka."

Mawuwo ndi Achifalansa, ndipo toilette ameneyo amanena za kudzikonza, kusamba ndi kuvala. Mayinawa amangosonyeza kuchuluka kwa mafuta a fungo m'botolo. Eau de Cologne amakhala ndi magawo 2 mpaka 5 pa 100 aliwonse, eau de toilette 5 mpaka 15, pomwe eau de parfum 15 mpaka 20. Pa dzuwa ngati lino, wopepuka ndiye bwenzi lako. Mnzangayo adayesa kulongosola zonsezi atagwira chipewa m'manja. Apongozi adamvetsera mpaka kumapeto, n'kuti, "Chaka chamawa mudzangogula chitenje."

Mwana adamva bwino

Adani a perefyumu ndi awiri, kutentha ndi kuwala kwa dzuwa. Ukamusiya pawindo kapena m'galimoto amasintha mtundu, fungo n'kusasa. Nditamva izi ndidasamutsira botolo mufiriji, pakati pa majarini ndi nyemba za dzulo. Kumeneko ndi komwe adalipeza mwana wathu wazaka zisanu, yemwe uthenga wa amalume ake adaumva bwino kuposa tonse.

Pobwera madzulo, galu adandichingamira pageti akununkhira mandimu. Mphaka chimodzimodzi. Tambala ankayenda pabwalo modzimva ngati mkwati, misoti ikumulondola. Ngakhale mphemvu za kuseli kwa kabati zidalandirako. Sizidafe, koma zinkayenda monyada.

"Iwe, wachita chiyani?"

"Adadi, si munati ngwa tonse?"

Ndidatsekula pakamwa, n'kutsekanso. Mlanduwo adawina.

Mbuzi m'tchalitchi

Mnzanga wina, dzina ndisunga, atamva za perefyumu wa tonse adaona ngati kumwamba kwamutsekukira. Adagula botolo n'kukapereka kwa akazi ake ndi mawu otsekemera: "Mayi, kuyambira lero tizinunkhira mofanana, poti ndife thupi limodzi." M'mutu mwake ankati akadzabwera usiku ndi kafungo kachikazi pamalaya, yankho lilipo kale.

Lachisanu lina adafika pakati pausiku akuyenda monyang'ama. Mayi adatsekula chitseko, n'kununkhiza phewa lamanja, n'kununkhiza lamanzere.

"Ndi uja wa tonse, mayi."

"Wa tonse wathu ngwa mandimu, ndipo pomafika masana amakhala atatha. Inu munathira 6 koloko m'mawa. Uyu ngwa maluwa, ndipo ngwatsopano. Tonse wake ndi uti ameneyu?"

Mnzangayo adaiwala kuti m'nyumba mukakhala fungo limodzi, lachilendo limaonekera ngati mbuzi m'tchalitchi. Nkhani idafika kwa ankhoswe. Nkhoswe ya kuchikazi idapempha malayawo, kununkhiza, n'kupatsira ya kuchimuna. Ya kuchimunayo, yomwe idabwera itakonzeka kuteteza mbale wake mpaka kucha, idanunkhiza kamodzi n'kuyang'ana pansi.

"Mphwanga, ingopepesa."

Pa perekaniperekani

Chofooka cha madzi a ku Cologne ndi chomwe akazi a mnzanga uja adanena: sakhalitsa. Mafuta a zipatso ngati mandimu amauluka msanga kuposa ena onse. Ukathira popita kutchalitchi, pofika kuholo watsala wekha ndi thukuta lako. Pa ukwati wina ndidaona mkulu wina atapeza nzeru: botolo m'thumba la jekete, nyimbo ikangotha psii, psii. Tsoka ilo, kwawo mipopi idali itauma masiku atatu, ndipo iye adaganiza kuti poti pabotolo adalembapo kuti madzi, ndiye kuti wasamba.

Mandimu pamwamba pa thukuta la masiku atatu! Zidali ngati chambo cha dzana chomwe wina wachifinyira ndimu kuti apusitse alendo. Povina anthu ankamusiyira bwalo lalikulu, iye n'kumayesa kuti agoma ndi sitepe yake, ndiye ankachita kudzithyola. Woyendetsa mwambo adamuyandikira ndi maikolofoni, n'kubwerera m'mbuyo msangamsanga.

"Akuluakulu, bambo awa aponye ndalama zawo ali pomwepo. Mbale iwatsatira."

Kutha kwa botolo

Botolo lathu lidatha m'masabata atatu. Nditawerengera bwino, theka adathira mayi a kunyumba, gawo lina adagawana galu, tambala ndi mwana wa achemwali, ndipo kotsalako kudatsika modabwitsa tsiku lomwe amalume ankatsanzika. Adakwera basi akununkhira mandimu, ndipo ine sindidalimbe mtima kufunsa ngati fungolo linkachokera kunja kapena mkati. Ine wopempha ndidathirako kosakwana khumi. Akuluakulu adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Wanga adathera pamphuno za ena.

Botolo lopanda kanthu adatenga agogo. Akulisunga m'sutikesi ya malemu amuna awo, ati likuwathandiza kukumbukira chomwe adakwiyira.

Ndiye inu owerenga, dzuwa lino lisakupusitseni. Sambani kaye ndi sopo, valani malaya ochapa, sankhani fungo lopepuka, thirani kawiri basi, ndipo pokwera minibasi kumbukirani kuti mphuno za anzanu sizidakulakwireni. Mukalandira botolo lomwe akuti ndi la tonse, lembanipo dzina lanu lisadalowe m'nyumba.